Mazira a Dzifa ndi Kabolodi Komaliza

Fungo la pulasitiki wopserera linadzazanso chipinda cha Selorm. Kabolodi kachiwiri ka zamagetsi kanali katapita. Anakauzira mpweya, anakagogoda ndi chala, mpaka anakapepesa, koma kagetsi kake sikanaphethirenso.

Selorm anali m'chaka choyamba pasukulu ya zamagetsi mumzinda wa Ho, ndipo mtima wake unali pa Dzifa, mtsikana woweta nkhanga kuseri kwa msika. Thadzi limene linkafungatira mazira a nkhangazo linali litagwidwa ndi galu. Selorm anamunong'oneza Dzifa kuti asagulitse mazira makumi atatu amene anali asanafungatiridwe, adikire pang'ono adzaone zodabwitsa. Sanaulule kuti akupanga bokosi lofungatira mazira, loyendetsedwa ndi kabolodi kokhala ngati ubongo, koyatsa ndi kuzimitsa babu malinga ndi kutentha. Koma dzira likagonera masiku ambiri siliswa, ndipo sabata inali itatha kale. Pa timabolodi titatu timene anagula, kanatsala kamodzi.

Mnzake Kafui, wokonza mafoni, ankangotafuna nthochi zokazinga pakhomo.

"Aise, timabolodi tonse n'timodzimodzi. Waya akalowa ndiye kuti m'pake pomwepo. Yesanso, mwina akatumiza kabodza."

Kafui yemweyu ndi amene anati alumikize batire la njinga yamoto molunjika, kuti kabolodi kaziganiza msanga. Kenako anati babu alimangirire pa kamwendo ka kabolodi. Selorm anamuyang'ana nthawi yaitali, natola zinthu zake n'kupita kwa Mayi Agbenyega, aphunzitsi ake.

Anawauza kuti ntchitoyo inali ya mnzake wina wamanyazi.

"Mnzakoyo ndi amene wakununkhitsa utsi malaya onsewa?" anafunsa mayiwo. "Pepala limene linabwera ndi kabolodika lili kuti?"

Selorm analitulutsa m'thumba la pachifuwa monyinyirika. Kuseri kwake anali atalembako ndakatulo yotamanda maso a Dzifa. Mayiwo anawerenga mizere iwiri, anapuma mozama, n'kulitembenuza.

"Werenga mbali iyi. Mokweza."

Panalembedwa kuti kabolodiko kamagwira ntchito ndi mavoloti 3.3. Batire lija linali la mavoloti 12. Panalembedwanso kuti kamwendo kalikonse kamatulutsa mphamvu yongokwanira kagetsi kakang'ono, osati babu.

"Iwe, khanda umalimwetsa madzi ndi ndowa? Chaka chilichonse ndimanena zomwezi, pakamwa mpaka kuuma. Mumangondigwedezera mitu ngati abuluzi."

Anamupatsa kachipangizo kochepetsa mphamvu ya batire, ndi kaswichi kotchedwa rileyi, koti kabolodi kazingokalamula ndipo iko kaziyatsa babu. Anamuuza kuti ayeze mphamvu ndi mita asanalumikize chilichonse, ayambe n'kuphethiritsa kagetsi kamodzi, kenako choyezera kutentha, babu pomaliza. Selorm analumikiza waya womaliza pa kabolodi kotsala kaja. Panapita kamphindi. Kagetsi kanaphethira.

Mawa lake anasenza bokosi lija atalifunditsa nsalu. Asanavundukule n'komwe, Dzifa anamulozera pakona pamene anali atasesa kale. Kafui anali atalengeza chinsinsicho msika wonse kuyambira tsiku loyamba, ndipo mtsikanayo ankangoyembekeza, akutembenuza mazira ake pamthunzi.

Patatha milungu inayi anaswa mazira khumi ndi asanu ndi anayi. Otsalawo, amene anaikiridwa poyamba, anasukusa. Dzifa anawatolera m'dengu limodzilimodzi, ndipo Selorm ankadziwa kuti sabata imene anataya ija ndi imene inali m'dengumo. Pofuna kupepesa, anamupatsa pepala lija.

Dzifa anawerenga ndakatuloyo mpaka kumapeto, akubisa kumwetulira. Kenako analitembenuza.

"Yokoma ndithu. Koma ukanayambira mbali iyi, bwenzi anapiye anga ali makumi atatu."

Phunziro: Chipangizo chilichonse chili ndi malire ake, ndipo anachipanga analemba malirewo. Werengani musanalumikize waya, yesani chimodzichimodzi, ndipo chinsinsi chisakuletseni kufunsa odziwa nthawi ikadalipo.