Tsitsi la mu Kompyuta Yanga

Amuna anga amakonza makompyuta, ine ndimataipa ndi kupulinta makalata pa katebulo ka kuseri kwa chitseko, mu shopu yomweyo. Ndiye zochitika pa kauntala ndimaziona ndi maso angawa, si zomva kwa anthu ayi.

Mmawa wina kompyuta yanga inangoti zii, osayakanso. Bambowo ataitsegula anati chapsa ndi mazabodi, chibolodi chachikulu chija chimene zonse za mkati zimalumikizidwapo. Anatsitsa makatoni awiri pa shelefu. Mu katoni ina munali bodi yotchipa, yaing'ono, yobiriwira. Mwinamo munali yodula, yakuda bii, ya malo anayi oika memore, tizipangizo tothamangitsa kompyuta tija, ndi tizitsulo toziziritsa, yokongola moti ngakhale ine wosadziwa zamagetsi mtima unadumpha.

"Nanga iyi?" ndinafunsa ndikuloza yakudayo.

"Aa, mayi a mwana, inu mumangotaipa basi. Yodulayi ndi ya anthu opanga mavidiyo. Yotchipayi ikukwanani, musaope."

Ndinavomera. Ndine mkazi womva ine, komanso mwana ankafunika nsapato.

Masana ake kunatulukira mayi wa saluni ya patsidya pa msewu, atakumbatira kompyuta yake ngati khanda. Fungo la mafuta ake linalowa mwini wake adakali panja. Vuto lake linali lakuti kompyuta ikuchedwa kuyaka. Kuchedwa chabe! Ndipo ntchito yake kusaluniko ndi yotani? Kuliza nyimbo ndi kuonetsa makasitomala zithunzi za malukidwe a tsitsi, kwatha.

Amuna anga, amene kunyumba mawu amachita kuumira, apa anasanduka mlaliki.

"Achemwali, munthu ngati inu asamavutike ndi zotchipa. Tengani yakudayi. Siitentha, mukafuna memore ina malo alipo, ndipo mudzatopa nayo nokha isanafe."

Mayiyo anaseka atagwira pakamwa. "Mmene mwaoneramo, amisiri. Ine ndimangomvera inu."

Ine ndinkangosanja mapepala osanjika kale. Nsanje inandigwira. Ya anthu opanga mavidiyo ija, lero yakhala yolizira nyimbo! Ataimanga kompyutayo, amuna anga anainyamula okha kuwoloka nayo msewu, munthu amene amadandaula msana ndikamupempha kusuntha kabati.

Yanga anaikonza ine nditapita kukatenga mwana kusukulu. Pobwera ndinapeza ikuyaka, ikuthamanga kuposa kale, ndipo mtima unayamba kutsika. Koma itangotenthera pang'ono ndinamva kafungo ka mankhwala owongolera tsitsi. Ndinadzinunkhiza bulauzi, ayi ndithu. Kasitomala amene ankadikira kalata yake anali mdala wadazi, moti sakanakhala iyeyo. Nditakweza maso pa shelefu, katoni ya bodi yotchipa ija inali pomwepo, pulasitiki yake yosang'ambika.

Amisiri a makompyuta sataya kanthu. Chimene achotsa m'makina a kasitomala amachisunga, tsiku lina nkuchiika m'makina a pakhomo. Zimenezo ndinkazidziwa, koma sindinaganize kuti zingandifike ine. Mdala uja atachoka ndinazimitsa kompyuta, ndinatenga chomasulira masikulu nkuchotsa chivindikiro cha m'mbali. Pa kafani koziziritsa ka pakati pa bodi panali patakulungika tsitsi lalitali, lofiirira, la meshi, lina litakanirira m'mipata ya memore.

"Bambo a mwana, tabwerani kuno. Tsitsi ili ndi la ndani?"

Anasuzumira, nakanda kumutu. "Ndinaiwala kuipopera mphepo. Koma musakwiye, mayi. Bodi imeneyi ndi yabwino kuposa yotchipa ija. Ndi ija ndachotsa mwa achemwali a saluni aja, anaigula yodula ndithu panthawi yake. Ine ndimafuna inu mupindule."

Ndinakhala pa mpando, tsitsi lija lili m'manja. Sankanama, ndinaiona ndekha mmene inkathamangira, ndipo n'chimene chinandiwawa koposa. Chimene mayi uja wataya chikuposa chatsopano chimene amuna anga anaona kuti chikundiyenera.

"Ichotseni," ndinatero. "Muikemo yotchipa ija."

"Komatu izichedwerapo."

"Izichedwa. Bola poitsegula m'katoni ndikhale ndikuona."

Anatsitsa katoni ija pa shelefu, nandipatsa ine kuti nding'ambe pulasitiki.