Galimoto Yogwada

Mlongo wanga atadwala sitiroko, mwendo wamanzere unamukana. Mutu unali bwinobwino, pakamwa pamatukwana ngati kale, koma mwendo umangokhwekhwereza. Pamalo osalala amayenda ndithu ndi ndodo. Vuto linali kudzuka pampando wotsika ndi kutsika pamalo okwera. Pamenepo pamafunika anthu awiri omugwira m'khwapa.

Ine ndinasamukira kwake chifukwa mkazi wake anamwalira kale, ndipo antchito a m'nyumba amamuopa. Ine sindimuopa. Ena amati ndi bwana wa kampani ya malole, koma kwa ine ndi mwana amene ankandikodzera kumsana.

Mwana wake wachisamba akabwera kudzazonda, amapeza bambo ake atakhala kale pampando, atavala jekete, ndodo titaibisa kuseri kwa katani. Koma mwanayo si wopusa. Anaona kuti bambo ake asiya kumuperekeza pakhomo. Posakhalitsa anaitanitsa msonkhano wa akuluakulu onse a kampani, ati akambirane zoti mdala apume. Kampaniyo mlongo wanga anaiyamba ndi lole imodzi yotha matayala, ndipo mkazi atapita ndiyo inkamudzutsa m'mawa. Kumuchotsa pamenepo kunali kumuika m'manda akupuma.

Anandiuza kuti akuluakuluwo ndi anzake akale, sangamutaye akamuona akulowa ndi miyendo yake. Koma chipinda cha msonkhano chili pamwamba, ndipo mawindo ake aakulu amayang'ana pabwalo pomwe galimoto ya bwana imaima. Akangomuona akutsitsidwa ngati thumba la simenti, nkhani yatha asanatsegule pakamwa.

Galimoto yake yakale inali yotsika, akakhalamo amamira. Pikapu ya kampani inali yokwera, phazi silimafika pansi. Dalaivala wake ndiye anamva kwa madalaivala anzake kuti kuli galimoto zina zazikulu, za anthu olemera zenizeni, zimene zikaima zimadzitsitsa zokha.

Wogulitsa anaibweretsa kunyumba, yakuda, yaitali ngati chipinda. Iye anali wonunkhira pefyumu mpaka agalu anayetsemula. Anayamba kulalikira: mipando ndi chikopa cha ng'ombe zosakandidwapo ndi waya, kumbuyo kuli kafiliji, mpando umakusisita msana, magalasi ndi akuda ndi okhuthala moti phokoso la kunja silikupeza, lam'kati silituluka. Ati anthu ngati abwana amakonda kuona msewu ali pamwamba, mabampu osawamva.

"Bambo, ng'ombezo zinafa kale, zisiyeni," ndinatero. "Itsitseni tione."

Anadina batani. Galimoto inapuma kuti fuuu, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono ngati ng'ombe yofuna kugona. Wogulitsayo anatichenjeza chinthu chimodzi: zitseko zonse zikhale zotseka mpaka itamaliza. Wina akatsegula, imaima pomwe yafikapo, kuopa kupsinja phazi la munthu.

Wogulitsayo ndinamutumiza m'nyumba kukamwa tiyi kuti asaone. Mlongo wanga anakhala m'mphepete mwa mpando, anatembenuka, phazi labwino linagunda pansi. Anaponda ndodo n'kuimirira yekha. Anayang'ana dalaivala, anayang'ana ine, kenako anaseka, kuseka koyamba chidwalireni. Anaigula osafunsa mtengo. Nditaumva pambuyo pake, ndinagwira mutu.

M'mawa uliwonse timayeserera pabwalo la nyumba. Wovuta anali dalaivala. Moyo wake wonse anazolowera kuti galimoto ikangoima, adumphe akatsegulire bwana, ndiye dzanja limapita lokha pachitseko. Ndimakhala kumbuyo kwake ndi nyuzipepala yopinda, akangosuntha ndimumenya nayo pakhosi. Amadandaula kuti ngakhale apongozi ake samuzunza chonchi. Anaphunzira. Amaima, amadina, amapinda manja mpaka galimoto itakhala chete. Mlongo wanga naye anafika potsika mokongola, uku akumanga batani la jekete ngati palibe kanthu.

Tinakonza zonse: nsapato zosaterera, ndodo yooneka ngati ya ulemu chabe, mawu okanena. Tinaiwala mlonda wa kuofesi.

Mlondayo ndi nkhalamba ngati ife, anayamba ntchito kampani ili ndi malole owerengeka. Chinthu chimene amanyadira ndi chakuti bwana sanagwirepo chitseko cha galimoto pabwalo limenelo. Tsiku la msonkhano titalowa pageti, ndinamuona akuthamanga m'mbali mwathu, chipewa m'manja, mano onse panja poona kuti abwana achira. Dalaivala anaima n'kudina. Galimoto itangoyamba kupuma, chitseko cha mlongo wanga chinatseguka kuti mbee.

Galimoto inasiya kutsika. Inali isanafike ndi theka lomwe.

Mlonda anaima njo, dzanja limodzi pachitseko, lina pachipumi, akuyamikira kuti galimoto imeneyi ndiye yoyenera abwana. Ndinamuuza kuti atseke. Anaseka, anayesa kuti ndi nthabwala za agogo, n'kukankhira chitseko kutali kuti abwana atuluke bwino. Dalaivala anasokonezeka, anatsegula chake kuti azungulire akamuchotse. Tsopano zitseko zotseguka zinali ziwiri.

"Tseka wekha, iwe," ndinamunong'oneza mlongo wanga. "Koka chitsekocho tidikire."

"Achemwali, akuona."

Ndinasuzumira m'mwamba. M'mawindo munali nkhope zokhazokha.

"Aone. Ndinena kuti ndine, ndikukonza duku. Nkhalamba saifunsa."

Akanandimvera. Koma pomwepo wachisamba uja anatulukira pakhomo la ofesi, akutsika masitepe kudzatichingamira. Mlongo wanga anamuyang'ana, nkhope yake inauma.

"Mukufuna andione ndikubisala?"

Ndinamugwira jekete, anandichotsa dzanja. Anatembenuka monga timachitira kunyumba, anatsitsa mwendo wabwino. Phazi linafufuza pansi pomwe linazolowera kupeza, osapapeza. Anatsetsereka. Thupi lonse linagwera pamwendo wamanzere, ndipo mwendowo unapindika ngati nsalu yonyowa. Bondo ndilo linayamba kugunda pansi, kenako dzanja, kenako chipumi. Ndodo inagubuduzikira kunsi kwa galimoto.

Mlonda anali akadagwira chitseko, chipewa chitagwa. Mlongo wanga anayesa kudzuka, mwendo unangokanda pansi. Anayesanso. Anthu onse m'mawindo muja anaona nsapato yosaterera ija ikukhwekhwereza pasimenti.

Mwanayo anathamanga n'kugwada pambali pake. Sindinama, sankaoneka ngati munthu woti wapambana.

"Ababa, zafika apa osandiuza? Azakhali, inunso?"

Ndinamuuza kuti mafunso akafunse Lamulungu, pano agwire m'khwapa. Anamunyamula awiri ndi dalaivala, wina uku wina uku, n'kumukweza pampando. Mwanayo anawapukuta bambo ake fumbi pabondo, anati apite akapume, za msonkhano athana nazo yekha. Tonse tinamva tanthauzo lake. Mlongo wanga anangoyang'ana kumbuyo kwa mpando wa dalaivala. Ndinatumiza mlonda kuti akwawe atenge ndodo, kuti naye apeze chochita asiye kupepesa.

Mwanayo anatseka chitseko bwinobwino. Dalaivala analowa n'kutseka chake. Pamenepo galimoto inapuma kuti fuuu, n'kupitiriza ntchito yake, kutsika pang'onopang'ono mpaka kugwada, monga tinaigulira.

Mlongo wanga anamva kutsikako. Anagwira kumaso n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene ndinakumva komaliza tikuika mayi athu. Mwana wake anali ataima pafupi ndi galasi, akukonza tayi, akuyankhula ndi mlonda, osamva kanthu, osaona kanthu. Pa magalasi paja wogulitsa sananame.

Ndinatsegula kafiliji kaja, ndinatenga botolo la madzi ozizira n'kumuika pachipumi pomwe panayamba kutupa. Ndinamutambasula dzanja ndikuchotsa timiyala tomwe tinalowa m'chikhatho. Anandifunsa kuti mawa m'mawa adzukira chiyani. Ndinamuuza kuti agwire botolo yekha, ali ndi manja.

Dalaivala anandiyang'ana pagalasi lakutsogolo, kudikira.

"Idzutseni tizipita," ndinatero.