Ukonde wa a Zebedee

A Ackim anali atagwada m'chipinda cha malemu, mutu ndi mapewa zili kunsi kwa bedi, kotero kuti Keziya atalowa ndi tiyi anangopeza zidendene ziwiri zong'aluka zikumuyang'ana. Anaika kapu pampando n'kuima pakhomo. Sikukanakhala ulemu kufunsa mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake amene anaikidwa m'manda masiku anayi apitawo, chimene ankafuna kunsi kwa bedi. Komanso ankachidziwa kale.

Anatuluka chafutambuyo, fumbi lili mbuu pamutu pometedwa kumene, atagwira nsapato imodzi yakale.

"Alamu," anatero akudzisasa m'mawondo, "tisavutane. Ukonde uja uli kuti?"

Nkhaniyi inayambira kuchipatala. Tsiku loti mawa amwalira, a Zebedee anagwira mkono wa mkazi wawo n'kunena kuti, "Keziya, ukonde wanga uja uusamale. Anthu a pamaliro sayang'ana poyenda." Ndi abale awo a ku Nkhata Bay ankalankhula Chitonga, koma ndi Keziya, mwana wa ku Ntcheu, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu za banja lawo zinali za Chichewa chokhachokha. A Ackim anali pamenepo, atakhala kumiyendo kwa bedi. Iwo anakulira m'bwato, ndipo m'khutu mwawo mawu oti ukonde anali ndi tanthauzo limodzi basi.

Sikuti anali munthu woipa. Kunyanja aliyense ankadziwa kuti anthu a m'tauni akapuma pantchito amagula chilimila, ukonde waukulu wokokera usipa, n'kukausiya mwachinsinsi kwa asodzi a doko lina kuti abale asamawalirire. Ukonde wa a Ackim eni ake unali utasokedwa kambirimbiri mpaka ulusi wa kusitolo unatheramo. Ndiye kuyambira tsiku limenelo analira mng'ono wawo ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana kudenga ndi kuseri kwa zitseko.

Katundu anagawidwa masana ake, pamphasa, pabwalo la nyumba ku Lupaso, mu Mzuzu. Panali njinga, wailesi, majekete awiri, ambulera, mabuku, ndi makadi a chipani a zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, omangidwa bwinobwino ndi mphira. Makadiwo palibe anawafuna, koma palibenso anayerekeza kunena kuti atayidwe, choncho anaperekedwa kwa Winifred, mwana yekhayo wa malemu, poti iye anali mphunzitsi ku Msongwe ndipo ankadziwa kusunga zinthu za boma. Za nyumba abale onse anagwirizana msanga: Keziya akhalemo, njerwa zake anaumba nawo, wasamalira m'bale wawo mpaka tsiku lomaliza. Panangotsala mawu a a Ackim monga mkulu wa banja.

Iwo anatenga envulopu ya mapepala a malo n'kuiika m'thumba la m'kati mwa jekete. Anati katundu sanatuluke yense. Munthu wobisa ukonde angathe kubisanso zina, ndiye mapepalawo apita nawo ku Nkhata Bay pa basi ya m'mawa, nkhani ya nyumba ikakambidwe kumeneko pamaso pa akuluakulu.

"Ukonde ankanenawo ndi wa kangaude, alamu," anatero Keziya. "Uli kuseri uko."

Mayi wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Nkhope ya a Ackim inagwa. Anafunsa anthu onse, osati Keziya, ngati anachoka kunyanja kudzasekedwa ndi mkazi wa mng'ono wawo maliro asanazizire. Winifred ndiye anagwada pafupi nawo n'kuwapempha kuti angopita kukaona, si kutali.

Anapita onse, mndandanda, ngati okaona mwana wobadwa kumene. Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa gwafa, ndipo chapatali pang'ono mlongoti wa thandala loyanikapo mbale. Pakati pa ziwirizi ndi pamene ukonde unkakhala. Koma kumeneko n'komwe amayi a mpingo anaphikira masiku onse a maliro, kuyanika zitenje, kudutsa ndi nkhuni pamutu. Chimene chinatsala chinali timaulusi tiwiri takuda ndi utsi, tikulendewera.

A Ackim anayang'ana mpata wopanda kanthuwo nthawi yaitali.

"Ndauona," anatero. "Ngwaukulu chomene. Yewo."

Madzulo ake Winifred anapeza mayi ake akutsuka miphika yobwereka kuti ibwezedwe kwa eni ake. Anawauza motsitsa mawu kuti iye akhoza kupita kwa a tcheyamani a chipani a m'deralo, kuti mapepala asachoke mu Mzuzu. Keziya anakana. Anati nkhani ya m'banja ukailowetsa kwa a tcheyamani imatuluka itavala yunifolomu, ndipo suingaivulenso. Anati adikire kuche.

Mtima wake unali m'malo, mwina koposa mmene zinthu zinkayenerera. A Zebedee anagwira ntchito zaka makumi atatu yoyeza mvula ku bwalo la ndege, kudzuka kusanayere kukasuzumira m'kachitini n'kulemba nambala. Atapuma, miyendo inapitiriza kuwadzutsa nthawi yomweyo, koma panalibe choyeza. Ndi mmene anapezera kangaudeyo, wamkazi, wamkulu ngati chala chachikulu, wamiyendo yakuda ndi mabala achikasu. Keziya ankawauza kuti amuna a anzake amaweta nkhumba. Iwo ankayankha kuti nkhumba zimafuna gaga.

Zambiri za kangaude Keziya anaziphunzira mosafuna, akukwecha miphika pathandala, mwamuna wake akufotokoza ataima kumbuyo kwake ndi kapu m'manja. Kuti ulusi woyamba amauponya mumphepo n'kudikira kuti ukole penapake, ndipo usanakole palibe chimene angayambe. Kuti kenako amayala ulusi wochokera pakati ngati masipoko a njinga, umene sumata, ndipo ndi umene iye amapondapo. Womata amauzunguliza pomaliza. Kuti maso ake saona patali, ndiye amakhala atagwira ulusi ndi mwendo, ndipo chogwera mu ukonde amachimva m'phazi, n'kudziwa ngati ndi ntchentche kapena tsamba chabe.

"Umenewo ndiye munda wake, nkhokwe yake, ndi maso ake omwe," ankatero. Ukawonongeka salira, amadya zotsalazo n'kuyambiranso, chifukwa alibe ntchito ina imene amaidziwa.

Ndiye Keziya anawerengera chonchi: masiku anayi kangaudeyo sanadye. Moto wa maliro wazima, phokoso latha. Ngati ali moyo, njala imutulutsa. Ngati utsi unamupha, ndiye kuti mapepala akwera basi, ndipo iye adzakhala mlendo m'nyumba yake mpaka akuluakulu a kunyanja atakhutira. Anatsiriza miphika n'kuiika mwaukulu wake.

Kunacha ndi nkhungu ya mwezi wa Juni, yoti nyumba ya pafupi imangomveka mawu. Keziya anazungulira kuseri atadzifunda nsalu yake ya ubweya, anaima pang'ono, kenako n'kubwerera kukateleka madzi. A Ackim atatuluka, jekete ili pathupi, chikwama m'manja, anawauza kuti m'nyumba muli utsi, tiyi wawaikira kuseri.

Anamvetsa chimene chikuchitika, koma tiyi sakanidwa. Anamutsatira akung'ung'udza za basi.

Masipoko onse anali atayalidwa kale, otambalala ngati lichero lalikulu, mame atakolekera pa ulusi uliwonse kotero kuti ukondewo unkaoneka ngakhale munthu ataima pakhomo la khitchini. Kangaude anali pakati pa ntchito, akuzungulira kuchokera kunja kulowera m'kati. Akafika pa sipoko amakhudza ndi mwendo wakutsogolo, kumata ulusi ndi wakumbuyo, n'kupita pa lotsatira, osafulumira, osapumanso.

A Ackim anaika chikwama pansi. Analandira kapu osayang'ana amene akuwapatsa. Anayenda kumanzere, n'kubwerera kumanja, akuweramira kutsogolo manja ali kumbuyo kuti asakhudze. Keziya anawamva akulankhula okha m'Chitonga, kenako anatembenukira ku Chichewa kuti naye amve. Anati mabowo ake ndi ofanana, palibe pothina palibe pophwasuka. Anati watchera mwanzeru, chifukwa mphepo ya m'mawa imachokera kudzala kunja kwa mpanda, ndipo ntchentche zimabwera nayo. Anati alipo anyamata kudoko kwawo, a ndevu zawo, amene sadziwa kutchera motero.

Kenako anakumbukira chimene anadzera, ndipo anawongoka.

"Ngwabwino, alamu, sindikana. Koma akangaude ali paliponse, ngakhale m'chimbudzi mwanga alimo. N'chiyani chikunena kuti uwu ndi wa Zebedee?"

Keziya anali atawerengera za kangaude, osati za mlamu wake. Kumsewu kunamveka galimoto ikusintha magiya pachitunda, ndipo Winifred, amene anali atafika pakona ya nyumba, anayang'ana mayi ake.

Koma msodzi sasiya ukonde asanaone chingwe chake cha pamwamba. Maso a a Ackim anali atayamba kale kutsata ulusi umene ukonde wonse unapachikidwapo, kuchokera pamlongoti kupita kumtengo. Anafika pafupi n'kutsinzinira. Anaukhudza ndi chikhadabo.

Sunali wa kangaude. Inali twaini yopyapyala yosokera maukonde, yoyera, yotuwa ndi dzuwa. Mpata wa pakati pa gwafa ndi thandala unali waukulu kwambiri moti mphepo yokha sikanaolotsa ulusi woyamba, ndiye munthu wina anauolotsera. Keziya anali atadutsa pansi pake kambirimbiri, akuganiza kuti ndi kachingwe kena mwa zingwe zopanda ntchito zimene amuna amamanga paliponse.

A Ackim anatsata twainiyo mpaka panthambi ya gwafa, n'kukankhira masamba pambali.

"Winifred," anaitana patapita nthawi. "Bwera uone, mwana wanga. Mfundo iyi ukuiona? Yapindira kumanzere. Agogo ako anali amanzere. Doko lonse linkaiseka mfundo iyi, koma sinamasukepo m'madzi. Anatiphunzitsa awirife basi."

Anafotokoza, akuyang'anabe panthambipo, kuti Zebedee anachoka kunyanja ali ndi zaka khumi ndi ziwiri kupita kusukulu ya mishoni, ndipo kuyambira pamenepo sanakwerenso bwato. Akabwera patchuthi ankakhala pamchenga ndi nsapato kumapazi. Iwo anali atamuwerengera kalekale m'gulu la anthu amene sukulu inawadya zala.

Pansi pa mfundoyo nthambi inali yokulungidwa ndi kachidutswa ka chubu cha njinga kuti twaini isadye khungwa. Chapafupi panali timachubu tina titatu takale, tong'ambikang'ambika, pamene twaini inkamangidwa zaka za m'mbuyo mtengo usanakule.

A Ackim anapisa dzanja m'thumba la m'kati n'kutulutsa envulopu ija. Anaipereka chakumbali, ngati munthu wopatsa mnzake chinthu kuti amugwirire kaye.

"Tagwirani izi, alamu, zikundilemera. Zitenje za amayi aja zakhwefula chingwe. Mphepo ikabwera yaikulu chigwa."

Keziya analandira ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono monga mwa ulemu. Winifred anakumbutsa bambo ake aakuluwo kuti basi sidikira munthu. Iwo anati ya masana nayonso ili ndi mateyala.

Anavula jekete n'kuipachika pathandala. Anapaka zala zawo zokhuthalazo pathalauza kuti zifunde, n'kuyamba kumasula mfundo ya mng'ono wawo pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira twaini kuti isagwedezeke. Kangaude anamva kanthu m'phazi ndipo anaima, mwendo umodzi uli m'mwamba. A Ackim nawo anaima, mpweya atausunga. Kangaude atayambanso kuzungulira, iwo anakoka twainiyo kamtunda ka chikhadabo, n'kuipindira kumanzere.