Chakudya cha Chigayo cha ku Magodi

"Adada, nanga chigayo chikamva njala chidzadya chiyani?"

Justina anafunsa funsoli chaka chimene dizilo anasowa m'boma lonse la Lundazi, tsiku limene a kopaletivi anabweretsa mgolo wachitsulo wootcheramo zitsononkho kuti utsi wake uziyendetsa injini. Bambo wake, Wilbroad, amene ankayendetsa chigayocho, anangoseka. Nthawi imeneyo zitsononkho zinali milumilu m'makomo mwa alimi omwe anatonola chimanga chokagulitsa ku depoti.

Tsopano unali Novembala, ndipo Wilbroad sankasekanso. Anaima pakhomo pa chigayo n'kumayang'ana ngolo ya Haswell ikubwera, ikudumphadumpha ngati yopanda kanthu. Amayi anali atandanda ndi madengu awo chim'mawire. Cha ku Malawi mitambo inali itayamba kuda.

"Midzi itatu, ndi izi zokha?" anafunsa Wilbroad.

"Funsani ng'ombe zanga," anayankha Haswell akumasula goli. "Zayenda ngati zipita ku Chipata kuti zikatenge zodzaza chipewa. Milu ija inatha, yotsala chiswe chinagawana. Ndipo mvula ikagwa ngolo muiiwale, ine ndikalima."

Wilbroad anayamba kutsitsa zitsononkho m'ngolomo. Lamlungu lapitalo wapampando wa chipani anali atanena, mosakweza mawu, kuti chigayo chikakhalanso chete sabata yathunthu makina apita ku Mphamba. Mawu a wapampando sankabwezedwa. Zikatero amayi a ku Magodi abwerera ku mtondo, ndipo iyeyo Wilbroad atsala ndi dzina loti ndiye anapha chigayo.

Anathira zitsononkhozo mumgolo. Injini inakhosomola, inagaya madengu angapo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu inazima. Amayi anasenzanso chimanga chawo akung'ung'udza. Anangotsala Dorcas, mnansi wake wamasiye, yemwe anakhala pa mwala akusisita bondo.

"Mwana wanu wadwalanso, aWilbroad?" anafunsa akuloza injiniyo.

"Si matenda, amama. Ndi njala."

"Koma amadya ngati mlendo wa pa malilo."

Wilbroad anakhala pansi n'kupukuta mwaye m'manja. "Chindivuta ndi ichi. Nkhokwe zonse zili ndi chimanga. Nanga zitsononkho zili kuti?"

"Zili m'nkhokwemo, zavala chimanga chake. Mufuna titonole zonse tsiku limodzi kuti anankafumbwe achite ukwati? Ife titonola dengu limodzi, lobwela nalo kuno. Likatha, lina."

"Nanga za dengu ili zili kuti?"

Dorcas anayang'ana kumbali. "Ndinaphikila ndiwo. Nkhuni zili kuphili, ndipo mwendo wangawu muudziwa."

Wilbroad anali munthu wosafulumira kudzudzula. Anayang'ana dengulo nthawi yaitali. Dengu lililonse lobwera pano linkasiya zitsononkho zake kuseri kwa khitchini, pang'ono pano, pang'ono apo, iye ali kalikiliki kutuma ngolo kukafuna milu yomwe inatha kalekale.

"Bwanji aliyense azibwela nazo pamodzi ndi chimanga chake?" anatero pang'onopang'ono. "Ngolo siifunika."

"Kulema sizilema," anatero Dorcas. "Koma mukatenga zanga, ana adya zosapsa?"

"Nanga chigayo chikapita, mudzasinja ndi bondo limenelo?"

Dorcas anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Walila mvula walila matope. Tinavina tsiku limene chinabwela chinthuchi, sitinafunse kuti chidya chani."

"Mwana wanga anafunsa," anatero Wilbroad.

Mphepo inaulutsa gaga pabwalo. Wilbroad sankadziwa ngati zitsononkho za dengu limodzi zingagaye dengu limodzi, kapena ngati amayi angalole kusiya moto wapafupi. Chimene ankadziwa n'chakuti zonyowa siziyaka, zimangotseka mapaipi ndi phula, ndiponso kuti sabata ya wapampando yayamba lero.

"Azimayi tikumana kutchalitchi Lachinayi," anatero Dorcas. "Ndikawauza kuti wobwela ndi zitsononkho zouma agaye poyamba. Enawo ali ndi ana owatolela nkhuni, sadzavuta kwambili. Koma sindingauze anzanga chimene ine mwini sindichita."

"Inu nkhuni zanu ndi zanga. Njinga ndili nayo. Loweluka lililonse mudzapeza mtolo pakhomo panu."

"Ngakhale m'matope a Januwale?"

"Ngakhale nditaisenza njingayo."

Madontho oyamba anagunda pa malata. Dorcas anavula chitenje chapamwamba n'kuphimba chimanga chake, ndipo Wilbroad anamusenzetsa dengu.

"Mawa ndibwela nalo lomweli," anatero Dorcas, "ndi thumba la zitsononkho zotsala pamwamba. Ndizisunga pafupi ndi mafuwa, mvula siizikhudza. Inu musaiwale Loweluka."

"Sindiiwala, amama. Yewo."