Mbale Ziwiri Zapadera ku Beech Grove

Mu Disembala 2004, Evelina, namwino wochokera ku Ntcheu amene ankagwira ntchito ku South Bend, ku Indiana, analibe koti akadyere Khirisimasi. Mnzake wa kuntchito, Graça, anamuitanira kwa amayi ake ku Beech Grove, namuuza kuti kwawo ku Portugal phwando lenileni limakhala la madzulo a pa 24. Evelina anadraiva maola atatu m'sinowo, nafika dzuwa lili pafupi kulowa.

Amayi a Graça, Dona Amélia, anali aafupi, ovala zakuda zokhazokha. Anamugwira dzanja n'kupita naye pakona ya pabalaza, pomwe anali atamanga Betelehemu yense ndi ndere ndi timiyala: abusa, mayi wosenza mtsuko, kamtsinje kagalasi. M'chodyera ng'ombe munalibe khanda. Graça anati amaliikamo akabwerako ku misa, poti panthawiyo Yesu anali asanabadwe. Evelina anagwada kuti aonetsetse, ndipo anachedwa kudzuka.

Fungo la kukhitchini analizindikira asanaone n'komwe chophikidwacho. Atafunsa dzina la nsombayo, Dona Amélia anati ndi bacalhau.

"Bakayawo?" anatero Evelina. "Amayi anga ankamugula pamsika wa Lizulu, kwa anthu a ku Mozambique."

Mayiwo anamubwerezetsa liwulo katatu, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni.

Patebulo anakhalapo anthu asanu, koma mbale zinali zisanu ndi ziwiri. Evelina anayesa kuti pali alendo amene achedwa panjira, choncho anapinda manja kudikira. Graça anamunong'oneza kuti palibe wina akubwera: kumudzi kwawo, tsiku limeneli, amayalira malo anthu amene anatisiya. Mbale imodzi inali ya malemu bambo a Graça.

"Inayo ndi ya amayi ako, mwanawe," anatero Dona Amélia. "Ndinamva kuti sunapite kumaliro."

Zinali zoona. Amayi ake anamwalira mu Juni, ndipo mapepala ake sakanamulola kupita kwawo n'kubwereranso. Maliro anawamvera pafoni, ataima pamalo oimika galimoto kuntchito.

Anamufunsa dzina lawo. Evelina anati Anangozo. Mayiwo analitchula pang'onopang'ono m'pemphero lachipwitikizi, pakati pa mayina a anthu akwawo, ndipo onse anayankha kuti Ameni. Evelina anali asanaganizepo kuti dzina limenelo lingamveke m'nyumba ya ku Indiana, pakamwa pa munthu amene sanapondepo ku Ntcheu.

Atatha kudya nsombayo ndi kabichi, mbatatesi ndi mazira owiritsa, Evelina anayamba kusonkhanitsa mbale monga anakulira. Dona Amélia anamugwira pamkono. Anati mbale sizichotsedwa patebulo mpaka m'mawa, kuti obwerawo asapeze pouma.

Evelina anabwezera zonse m'malo mwake. Kenaka anasankha nthuli yonenepa ya nsomba, naiika m'mbale ya amayi ake, n'kukokera mpando kumbuyo pang'ono kuti pakhale polowera.