Akuti Zinayamba Mwadzidzidzi

"Werenganso," anatero a Phillip, akuloza chikalata cha kuchipatala.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a mng'ono wawo, a Goliati, ndipo anthu anali atayamba kupinda mphasa. Mkazi wa malemuyo, a Fanny, anali pakhonde chowerama. Pepalalo linali m'manja mwa mwana wawo Violet, wophunzira unamwino ku Blantyre, poti Chingerezi cha madokotala pamudzipo ankachitha ndi iye yekha.

"Bambo aakulu, kuchipatala matenda amawagawa pawiri," anatero Violet. "Pali mawu a matenda okhalitsa, odya munthu pang'onopang'ono. Palinso ena a matenda ongobuka lero lomwe, munthu ali bwinobwino. Apa alemba achiwiriwo. Akuti kupweteka kwa pachifuwa kunayamba mwadzidzidzi."

"Mwadzimvera nokha! Ngakhale Chingerezi chavomera. Munthu wolima ekala yekha angogwa ngati thunthu la nthochi? Mng'ono wanga anabwera kuno kuchikamwini ali wamphumphu. Alamu, sitikusudzulani tisanakaombeze."

A Fanny anadziwa kumene nkhaniyo inkalowera. Woombeza sabweza anthu chimanjamanja, ndipo dzina la ufiti likakumata silichoka ndi sopo. Koma adokotala aja analemba zimene anauzidwa, ndipo anawauza ndi a Fanny omwewo, a Goliati akuwatsinzinira diso ali pabedi. Ha, diso limenelo! Analilakalaka kwambiri tsopano. Mwamuna uja anali wouma mutu, koma akanakhala pano bwenzi atawaseketsa onsewa, nkhani n'kuthera pompo.

A Fanny anali atalonjeza mwamuna wawoyo kuti Violet asadzamve. Anamuyang'ana mwanayo.

"Sizinayambe tsiku lija, alamu. Zinayamba chaka chatha, nthawi yokolola nandolo. Akakwera kamtunda kochokera ku boma ankatsika panjinga, n'kugwira pamtima."

Violet anatsitsa pepala lija. "Mayi! Chaka chathunthu? Ine ndinabwera pa Khirisimasi. Ndikanadziwa, ndikanawatengera ku Blantyre!"

"N'chimene ankaopacho. Ankati ukamva usiya sukulu, ubwera kudzawadwazika. Ankati, 'Mwanayu wayenda ulendo wautali, asabwerere pakhomo chifukwa cha chifuwa cha nkhalamba.' Ndinawakakamiza, mwana wanga. Unkawadziwa bambo ako."

Violet anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Pakamwa sipalephera kupeka," anatero a Phillip, koma mawu anali atatsika.

A Fanny anadzuka, ndipo awiriwo anawatsatira kuseri kwa nyumba. Anachotsa lata lakale limene linatsamira kukhoma. Pamenepo panali nkhuni, zosanjidwa bwino kuyambira pansi mpaka kudenga, zonse zowazidwa ting'onoting'ono.

"Mukudziwa kuti dzanja langali silinyamula nkhwangwa," anatero a Fanny. "Malemu ankawaza ziwiri zitatu, n'kukhala pansi, kupuma, n'kuyambanso. Ndikawaletsa ankati zindifikitse mpaka Violet atamaliza."

A Phillip anasolola nkhuni imodzi, naitembenuza. Inali yochotsedwa timinga tonse, yoti ngakhale dzanja lodwala ligwire osabayidwa. Anavula chipewa.

"Goliati iwe," ananong'ona.

A Fanny anatambasula dzanja, nailandira nkhuniyo. Masiku onse a maliro, anthu akusakasaka zokolezera moto, iwo sanatchuleko za muluwu. Anaipukuta fumbi ndi nsonga ya mpango wawo, naibwezera pamalo pomwe mwini wake anaiika.