Ticha Zipi Walephera Masamu

A Obadiah Daka anayamba kuthokozedwa asanadziwe chimene anachita. Iwo anali owotcherera zitsulo, ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula pansi pa kashedi ka malata pafupi ndi msika wa ku Twapia. Munthu akabwera kudzathokoza, inkakhala nkhani ya geti yomwe yakana akuba. Koma mayi amene anaima pakashedipo tsiku limenelo anali asanagulepo ngakhale mbaula. Anawagwira dzanja lakuda ndi dzimbiri ndi manja awo awiri, nagwada pang'ono.

"Natotela sana, bashi Zipporah," anathokoza m'Chibemba, momwe bashi ndi atate ake, kenaka nkutembenukira ku Chinyanja cha m'tauni. "Gladness wanga masamu ankawathawa ngati njoka. Lero akuphunzitsa mng'ono wake. Mwana wanu uja Mulungu amudalitse."

A Daka anavomera madalitsowo, poti madalitso sabwezedwa, koma anatsala akuyang'ana chitsulo chili m'manja ngati ndicho chiwafotokozere.

Atafika kunyumba anafunsa akazi awo, a Petronella, amene anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Atate ake Zipporah, kodi bolodi ija munkaipangira nkhuku?"

Bolodiyo ankaikumbukira. Chaka chatha mwana wawo Zipporah anapempha bolodi yowerengera, ndipo iwo anadula lata, nkulipaka utoto wakuda, nkulikhomera kuseri kwa nyumba. Anamupangiranso kamwendo kachitsulo koimikapo foni, poti anati kusukulu akufuna choncho. Za sukulu iwo sankafunsa kawiri.

A Petronella anawapatsa foni yawo kuti aone. Munali Zipporah ataima pabolodi ija, choko kudzanja lina, mpeni kudzanja lina, akudula chitumbuwa panayi. Ankasakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi, akunyoza amene akufuna kudya zidutswa zisanu pa chitumbuwa chodulidwa panayi. "Iwe, chachisanucho uba kwa neba?" A Daka anaseka okha, ndipo anadabwa kuti mafulakishoni, masamu a zidutswa amene anawazunza ali mnyamata ku Katete, awamva ali chiimire.

"Amamutchula kuti Ticha Zipi," anatero a Petronella. "Omutsatira pa intaneti ndi masauzande. Ena ali ku Kitwe, ena ku Lusaka. Inu nokha ndiye mumagona naye nyumba imodzi osamudziwa."

Kuyambira pamenepo a Daka ankayenda mosintha pang'ono. Kutchalitchi cha Reformed akulu anzawo ankawapatsa moni wautali. Abusa ananenapo pa zolengeza kuti si ana onse amene foni yawaononga. A Daka sanali munthu wodzionetsa, anangowerama, koma pobwerera anagulira mwanayo bokosi la choko.

Ndiye tsiku lokatenga zotsatira za mayeso oyeserera a giredi 12 litafika, anavala jekete ya Lamulungu. Mayeso enieni anali atatsala miyezi yochepa, ndipo Zipporah ankafuna kukaphunzira uphunzitsi. Panjira a Daka ankakonza mawu odzichepetsa oti ayankhe akayamikiridwa.

Mphunzitsi wa masamu, a Evaristo Chanda, anali munthu wowonda wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anawapatsa mpando, napumira m'mwamba.

"A Daka, masamu walephera. Sayansi walephera. Zinazo wangodutsa pamphepete."

"Mwina mwatenga za Zipporah wina."

"Zipporah wina kulibe."

"Ndikunena Zipporah Daka. Wa bolodi uja."

"Ndikumudziwa. Mwana wanga ali giredi 9, sadya asanamuonere."

A Daka anavula chipewa chomwe anali atavula kale, ndiye kuti anangogwira mutu. "Aphunzitsi, ndithandizeni, sukulu ine sindinapite patali. Munthu wophunzitsa masamu alephera bwanji masamu?"

"Amene amaphunzitsawo ndi a giredi 9. Amenewo amawadziwa, mwina kundiposa ine pofotokoza. Koma iye ali giredi 12. Anzake tinapita nawo patsogolo, iye anatsala akudula chitumbuwa. M'kalasi amakhala maso ali pansi pa desiki, kuyankha mafunso a ana a eni." Anawapatsa pepala la mayesolo, lofiira ndi inki ngati lagwera m'magazi. "Akapitiriza chonchi, satifiketi palibe. Uphunzitsi aiwale. Mulandeni foni lero lomwe."

A Daka anaimirira. Apa zinthu zinali zomveka: kulanda foni. Koma atafika pakhomo, a Chanda anatsokomola.

"Kungoti... mayeso a giredi 9 nawonso ayandikira. Za maperesenti Zipporah anali atangoyamba kumene. Akanamaliza kaye zimenezo..." Anakonza magalasi. "Ayi, ayi. Mulandeni. Ndikuyankhula ngati kholo tsopano, musandimvere."

"Ndimvere uti, kholo kapena mphunzitsi?"

"Mphunzitsi," anatero a Chanda, koma osati mwamphamvu.

Kunyumba Zipporah sanakane kanthu. Anakhala pa mpando manja ali pamaondo, akuyang'ana pepala lofiira lija patebulo.

"Ndinayesapo, Atate. Tsiku lina ndinaika za giredi 12. Anaonera anthu ochepa, ndipo ochepawo analemba kuti, 'Ticha, chitumbuwa chili kuti?' Ena anasiya kunditsatira. Ndiye ndinabwerera kumene amakonda."

"Nanga iwe umakonda kulephera?"

"Ndimati ndiwerenga ndikayankha uyu yekha. Ndikamuyankha, pabwera wina. Wina amalemba kuti akalephera amutumiza kumudzi. Ndimusiye?"

A Daka anaimirira. Anangotambasula dzanja. Mwanayo anaikapo foni mwaulemu, ndi manja awiri, ngati akupereka chopereka.

Foniyo anaiika m'thumba la ovolosi, ndipo m'mawa mwake inawavutitsa kuposa mwini wake. Inkanjenjemera kosalekeza. Koyamba anataya chitsulo nkudumpha, poganiza kuti magetsi awagwira. Kuizimitsa sankadziwa, kufunsa mwini wake kunali kochititsa manyazi. Masana ana a yunifolomu anayamba kudutsa pakashedipo pang'onopang'ono, akuwayang'ana ngati munthu amene wapha galu wa mudzi wonse. Kenaka anabwera amake Gladness, ulendo uno osagwada.

"Bashi Zipporah, tamva mwatseka sukulu."

"Sukulu yake iti, mayi? Ndalanda foni ya mwana wanga."

"Ndiye wangayo alembe bwanji mayeso?"

"Kusukulu kwake kulibe aphunzitsi?"

"Alipo, koma m'kalasi ana ali ngati nyerere. Akafunsa funso amamuseka. Pafoni samuseka munthu." Anakonza chitenje mwaukali. "Tsiku lija ndinakuthokozani pachabe."

Anapita, nasiya a Daka atagwira geti ya mwini wake, osakumbuka mbali imene amafuna kuwotcherera. Anali atachita chimene mphunzitsi ananena. Anali atachita chimene bambo aliyense wanzeru akanachita. Nanga bwanji ankamva ngati waba? Ndipo akanakhala kuti sanalande, akanamvanso ngati waba, kubera mwana wake yemwe. Anayesa kuganiza kuti wolakwa ndani, foni, mwana, ana a eni kapena iwo amene anapanga bolodi, koma maganizowo ankangozungulira ngati minibasi yosowa okwera.

Choipa kwambiri chinali chakuti kulandako sikunaoneke kuti kukuthandiza. Zipporah ankakhala patebulo buku lili chitsegukire, mwakachetechete, momvera. A Petronella ndiwo anaona.

"Tsamba lomwe lija kuyambira Lolemba," ananong'oneza. "Pali chithunzi cha mpira wodulidwa mizere. Ndapukuta tebulo kangapo, mpira womwewo."

"Ndiye nditani, amake Zipporah? Ndibweze?"

"Mukabweza abwerera ku chitumbuwa."

"Ndisunge?"

"Mukasunga akhala ndi mpira wakewo mpaka mayeso."

"Inu mukuti bwanji?"

"Ine ndikuti mpunga wapsa, bwerani mudye."

Lachinayi magetsi anazima dzuwa lili pamutu, ndipo wowotcherera wopanda magetsi ndi munthu wamba. A Daka anatseka kashedi nabwerera kunyumba. Anapeza Zipporah atabwerako kusukulu, ataima kuseri kwa nyumba kutsogolo kwa bolodi, wopanda choko, akungoiyang'ana. Foni inanjenjemera m'thumba. Chimene ananena pamenepo sanachikonze, chinangotuluka chifukwa chotopa.

"Foni sindikupatsa. Ikhala m'manja mwangamu. Ukafuna kujambula, wojambula ndine. Koma funso lichokera pa pepala lofiira lija."

"Atate, anthu sadzaonera zimenezo."

"Ine ndionera. Si ndine munthu?"

Zipporah anakatenga pepala ndi choko. Anawakonzera foni, nawaonetsa poigwira, nawauza kuti adine pofiira. Kenaka anaima pabolodi, ndipo nkhope yake inasintha, anakhala Ticha Zipi. Anapereka moni wa nthabwala, nawerenga funso: ndege yanyamuka pamalo akuti, yauluka pamwamba pa dziko kukafika pamalo akuti, ndiye yayenda mtunda wautali bwanji? Anajambula mpira uja. Anadula mzere umodzi. Choko chinaima.

Chinaima nthawi yaitali. Nkhuku ya aneba inadutsa pakati pawo.

"Ticha," anatero a Daka, manja ali m'mwamba, "ndegeyo yagwa?"

"Atate, musandiseketse."

"Ndikufunsa ngati mwana wa sukulu. Mpirawo ndi chiyani?"

"Ndi dziko."

"Nanga mizereyo ndani anaijambula padziko? Ine kuchokera ku Katete mpaka kuno sindinaione."

Zipporah anayamba kufotokoza kuti mizereyo ndi yongoganizira, nkusokonezeka pakati, nkuthamangira m'nyumba kukatenga buku. Anawerenga ataimirira, milomo ikugwedera. Anathamangiranso m'khitchini nabwera ndi lalanje ndi mpeni. Anadula lalanje pakati, naonetsa bambo ake mkati mwake, nati ndege imayenda pa khungu koma ngodya imayezedwa pakatikati pomwe pali nthangala. Atanena zimenezo anayang'ana lalanjelo ngati ndi munthu wina amene wamuuza.

"Ooo," anatero yekha. "Ndiye chifukwa chake."

A Daka sanamve chifukwa cha chiyani. Mapewa ankawawawa, msuzi wa lalanje unali utadontha pa nsapato ya mwanayo, manambala ankadzaza bolodi nkufufutidwa nkudzazanso. Kawiri konse Zipporah anapeza yankho lolakwika, nadzitukwana m'Chibemba, nayambiranso. Dzuwa litapendeka, analemba nambala pansi, nathamangira pa pepala lofiira pomwe a Chanda analemba yankho loona pambali. Zinafanana. Anakuwa mpaka a Petronella anasuzumira pawindo.

Kenaka Zipporah anatenga foni kuti aone, ndipo chimwemwe chinathera panjira.

"Atate! Simunadine!"

"Ndinadina."

"Mwajambula chithunzi chimodzi. Cha chala chanu!"

A Daka anayang'ana. Chinali chala chawodi, chachikulu, chofiirira, ndi kachidutswa ka nkhuku kumbuyo. Anafuna kupepesa, koma Zipporah anali atafufuta kale bolodi mwaukali.

"Tiyambirenso. Pofiirapo, Atate. Apa. Mpaka manambala ayambe kuyenda."

Ulendo wachiwiri ndege sinagwe. Anatsegula buku kamodzi kokha. Koma poonera anapeza kuti wojambula anadula mutu wa mphunzitsi, munkaoneka dzanja, choko ndi theka la lalanje.

"Mukuchitira dala?"

"Manja atopa, mwanawe. Chitsulo chimapepuka kuposa kanthu aka."

Ulendo wachitatu buku linatsala pansi, lotseka, ndipo Zipporah anaikamo nthabwala, ya woyendetsa ndege amene anasochera chifukwa anadya lalanje lake asanafike. Mutu unalowa, mawu anamveka. Anaitumiza pa intaneti bambo ake ataima pambali, kenaka nkubweza foniyo yekha, osauzidwa.

Madzulo ake asanadye Zipporah anapempha kuona foniyo. Oonera anali ochepa ndithu. Wina analemba kuti, "Ticha, izi ndi za kumwamba, ife tili pansi." Gladness anafunsa za maperesenti. Nkhope ya Zipporah inagwa pang'ono. Anayang'ana bambo ake.

"Gladness yekhayu, Atate. Loweruka."

A Daka anakumbukira mphunzitsi, anakumbukiranso kholo la magalasi omangidwa ndi ulusi. "Loweruka," anatero. "Ukatha funso lotsatira."

"Lotsatiralo sindilidziwa ngakhale poyambira."

"Ndiye tili awiri."

Mwanayo atalowa m'nyumba, a Petronella anabwera kudzatola makoko a lalanje. Anayang'ana bolodi yodzaza manambala, nayang'ana amuna awo akusisita phewa.

"Ndiye tiwauze chiyani anthu kutchalitchi, atate ake Zipporah? Foni mwalanda kapena mwabweza?"

A Daka anagwira thumba la ovolosi. Munali kunjenjemera.

"Sindikudziwa," anatero. "Ili muno. Kodi mawa magetsi akuti azima nthawi yanji?"